Ana anga, lekani kuvomera ntchito konsekonse

Ndikulankhula ndi inu achinyamata a muno mu Lilongwe amene mwayi wakugwerani uwiri kapena utatu mwezi umodzi. Mwakhala zaka mukuponya makalata ku Capital Hill, ku City Centre ndi ku Kanengo osayankhidwa. Lero foni yalira. Bungwe lina likukufunani Lolemba, boma latulutsa dzina lanu, sikolashipu ija munafunsira chaka chatha nayonso yatheka. Ndikukondwera nanu ndithu. Koma zimene ambiri mwa inu mukuchita zikafika pamenepa zikundiwawa mumtima, ndipo ndinena mosapsatira.

Mukuvomera konsekonse. Uku "ndibwera bwana", uko "ndibwera bwana", kalata ya uku mwasaina, ya ukonso mwasaina. Tsiku loyamba ntchito likafika mumangothimitsa foni. Anthu akukonzerani malo, auza kale anzanu amene munapikisana nawo pa intaviyu kuti pepani tapeza munthu, inu muli zii, pa WhatsApp mwawabloka. Khalidwe limeneli munalitenga kuti? Amene anali wachiwiri pa mndandanda uja mwina ndi mayi wa ana amene wakhala pakhomo chithereni pulojekiti yake. Mukanakana msanga akanaitanidwa iyeyo. Mwamutsekera khomo chifukwa choopa kulankhula mawu awiri okha.

Mukuyesa Lilongwe ndi wamkulu poona misewu yatsopanoyi. Pa nkhani ya ntchito mzinda uno ndi waung'ono kwambiri. A HR, oona zolemba anthu ntchito, amene mwawathawa lero ku Area 10, chaka chamawa mudzawapeza atakhala pa intaviyu ku bungwe lina. Anthu amenewa amapemphera limodzi, amakumana pa maliro ndi pa zinkhoswe, ndipo amafunsana za inu. Komanso mukuwachititsa manyazi aphunzitsi anu a ku Bunda kapena ku Zomba amene analemba kalata yokuchitirani umboni kuti ndinu wokhulupirika. Mawa mng'ono wanu akadzawapempha kalata yomweyo, adzayamba akayika. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ndaona ana ophunzira bwino atatsala manja ali m'khosi, ntchito zonse zitatu zitawapulumuka.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti kupempha nthawi sikuletsedwa. Imbani foni, thokozani, nenani kuti mukupempha masiku angapo kuti muwerenge kalata ndi kukambirana ndi a kwanu, ndipo tchulani tsiku limene mudzayankhe. Bwana wanzeru sakwiya nazo zimenezo. Amene akukukakamizani kusaina lero lomwe musanawerenge, wakuonetsani kale mmene adzakusungireni. Ndipo amene akuti mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti malo anu asungidwe, ameneyo ndi mbava, musamuwerengere n'komwe pa mwayi wanu.

Masiku mwapemphawo si oti mukakondwerere ku Bwandilo. Khalani pansi muwerenge mapepala. Ambiri mumangoyang'ana nambala ya malipiro, maso n'kuchita tuu, zina zonse osaziona. Funsani kuti kontrakiti ndi ya nthawi yaitali bwanji, ndipo ndalama zake zikuchokera kuti. Mwaiwala kale zimene zinachitika mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo la USAID? Anthu amene tinkawasirira muno mumzinda, a magalimoto a mabungwe aja, anauzidwa kuti akhale kunyumba, ena ali ndi ngongole za ku banki ndi ana ku sukulu zolipira. Sindikuti ntchito ya bungwe ndi yoipa ayi. Ndikuti mudziwe kuti pulojekiti imatha, ndipo muzisunga ndalama podziwa zimenezo. Ya boma malipiro ake ndi ochepa, mwinanso mudzadikira miyezi dzina lanu lisanalowe pa payroll, mndandanda wa olandira malipiro, mwina adzakutumizani ku Nsanje kapena ku Chitipa, koma sikutha ndi kusintha kwa maganizo a anthu akunja. Yerekezani zimenezi mofatsa, aliyense malinga ndi katundu amene wasenza kwawo.

Funsaninso za penshoni. Lamulo limati olemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Kampani imene ikuzemba funso limeneli ikukuberani ukalamba wanu. Funsani za chithandizo cha kuchipatala, za nyumba, za thiransipoti. Nambala yaikulu ija isakupusitseni, paja mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, malipiro amene ankaoneka onona n'kusanduka a lendi ndi ufa basi.

Kwa inu amene muli kale pa ntchito, apa ndiye tcherani khutu. Musasiye ntchito chifukwa cha lonjezo la pakamwa kapena uthenga wa pa foni. Dikirani kalata yosainidwa. Ndipo dziwani kuti malinga ndi Employment Act ya 2000, nthawi ya probation, yoyesedwa pa ntchito yatsopano, ikhoza kufika miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawi imeneyo mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Ndiye kuti mukuchoka pamene munakhazikika kupita pamene angakuuzeni Lachisanu kuti Lolemba musabwere. Lamulo lomwelo limati wolandira malipiro pa mwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, apo ayi alipire ndalama m'malo mwa notisiyo. Inu mukungosiya makiyi kwa mlonda n'kusowa. Mukaitanidwa kukayankha mlandu mudzati akukuzondani?

Za sukulu zakunja nazo zili ndi zingwe zake. Sikolashipu ya boma la UK yotchedwa Chevening imafuna kuti mukamaliza maphunziro kumeneko mubwerere kuno kwa zaka ziwiri. Wogwira ntchito m'boma akapita kusukulu ndi chilolezo cha boma amasainira bondi yoti adzagwira ntchito akabwerako. Musasaine zimenezi mukudziwa mumtima kuti simudzazisunga, chifukwa mukuonongera ana a anzanu amene adzafunsire pambuyo panu.

Ndikudziwa kuti mutu umazungulira. Tulo sitibwera, nsima sikoma, amayi kumudzi akuti tenga ya boma, amalume akuti tenga ya madola, mkazi kapena mwamuna wanu sanafunsidwe n'komwe pamene ndiye adzasamuke nanu. Musalengeze pa Facebook musanasankhe, mudzangochulukitsa alangizi ndi opempha. Pezani munthu mmodzi kapena awiri okhwima maganizo, amene anagwirapo ntchito ya mtundu umenewo ndipo sakuyembekezera kudya nawo malipiro anu. Muwaonetse makalata onse. Kenako gonani, mudzuke, musankhe imodzi. Kugwira ziwiri mobisa, m'mawa ku ofesi iyi masana ku inayo, kumathera pa BP ndi kuchotsedwa konse kuwiri.

Mukasankha, tsiku lomwelo imbirani amene mwawakana. Musatume mnzanu, musadikire kuti akufunefuneni. Nenani kuti zikomo pondikhulupirira, koma ndasankha kwina, ndipo ndati ndikudziwitseni msanga kuti muitane wina. Mukatero lembaninso kalata yaifupi kuti ikhale m'faelo mwawo. Kumene mukuchokako gwirani notisi yanu mpaka tsiku lomaliza, muphunzitse amene akulowa m'malo mwanu, mubweze laputopu ndi katundu yense wa ofesi wina akusainira kuti walandira, ndipo musatuluke pa geti musanatenge kalata yosonyeza kuti munagwirapo ntchito pamenepo ndi zaka zimene mwagwira.