Nyama si mkwatibwi woti aziyang'ana kamera

Loweruka ndinadzuka mbandakucha ku Nchalo kupita ku Lengwe ndi mwana wanga kuti akaone boo, nyama imene azungu amati nyala. Mu Okutobala kuchigwa kuno kumatentha koopsa, madzi amaphwa m'tchire, ndiye nyama zimadalira madziwe ochepa otsalawo. Tinakwera pansanja yoonera nyama, tili chete. Patapita ola lathunthu, boo wamphongo anatulukira m'zitsamba, akuponda mwakachetechete, makutu ali tcheru, zazikazi zitatu zofiirira za mizere yoyera zili pambuyo. Mwana anandigwira mkono, osapuma n'komwe.

Basi bambo wina amene anabwera ndi anzake anayamba kuliza likhweru, kenako kuwomba m'manja, ati nyamayo idzutse mutu iyang'ane foni yake. Mnzake anatola kamtengo n'kuponya m'madzi. Zonse zinathawa zisanamwe ndi dontho lomwe. Ndinawauza kuti, "Achimwene, nyama zija zabwerera ndi ludzu." Anangoseka, ati analipira pageti.

Zimandipweteka kwambiri. Ku Majete zipembere anachita kuzibweretsanso mu 2003, njovu mu 2006, mikango mu 2012, chifukwa opha nyama mozemba anali atamaliza zonse. Anthu anakhetsa thukuta kuti ana athu azione ndi maso. Ndiye munthu azizisautsa chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook? Tinadikiranso mpaka dzuwa linafika paliwombo, kunangobwera njiri ziwiri. Mwana ulendo wonse wobwerera amangondifunsa ngati boo uja anamwa madzi.