Ana inu muli ku Ulaya, kodi mudapitira sukulu kapena kukajambulitsa?

Lachiwiri lapitali, nthawi ili cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, foni yanga inalira. Munthu wa msinkhu wanga foni ikalira nthawi imeneyo, mtima umathamangira ku maliro. Koma ayi, anali mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira ku Germany, mawu akunjenjemera: "Malume, anditsitsa m'basi." Anali pa malire a Austria ndi Germany, akuchokera ku Italy komwe anakacheza ndi anzake masiku anayi. Apolisi atalowa m'basimo n'kufunsa mapepala, mnyamata wathu anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha pasipoti. Chithunzi! Pasipoti yeniyeniyo ili phee m'chikwama kunsi kwa bedi. Potulutsa kakhadi kokhalira m'dziko, kanapezeka kuti kanatha mphamvu masabata atatu apitawo, ndipo mwinikakeyo sanapondeko n'komwe ku ofesi yoona za alendo. Ndiye malume ndichite chiyani usiku ngati umenewo? Ndimere mapiko?

Tulo sitinabwerenso, n'chifukwa chake ndikulemba izi, pakuti mwanayu sali yekha. Mulipo ambiri.

Mudamva kuti mayiko 29 a mu Schengen munthu amangodutsa popanda kuima pa malire, basi n'kuganiza kuti apolisinso kulibe. Anakuuzani ndani? Malire a Austria ndi Germany akhala akusechedwa chiyambire 2015, ndipo mu September 2024 dziko la Germany linayamba kusecha malire ake onse a pamtunda. Inu osadziwa, chonsecho foni ili m'manja tsiku lonse. Chitupa chanu chokhalira m'dziko limodzi chimakulolani kucheza m'mayiko enawo masiku 90 okha pa masiku 180, kucheza basi, osati kukagwira ganyu kwa mnzanu ku Amsterdam tchuthi chonse. Nanga inu a ku Britain, amene mumagula tikiti yotchipa ya ku Paris n'kukafika pa bwalo la ndege mutatchena, kenako n'kubwezedwa pakhomo chifukwa visa ya ku Britain ku France ilibe ntchito, manyazi amenewo mumawaika kuti? Britain ndi Ireland sali mu Schengen, ndipo pasipoti yanuyo siinasinthe mtundu chifukwa choti mwakhala ku Manchester miyezi isanu. Safunsa anadya phula.

Za ganyu ndiye musandiyambe. Ku Britain wophunzira digiri amaloledwa maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo kudzilemba wekha ntchito n'koletsedwa. Ku France ndi maola 964 pa chaka. Ku Germany ndi masiku 140 athunthu, kapena 280 a theka. Manambala amenewa mudawawerenga, ena mudasainira. Lero mukugwira malo awiri, kwina usiku wonse, malipiro akukupatsirani m'manja kuti zisaoneke. Wina akupalasa njinga yoperekera chakudya pa akaunti ya munthu wina, dzina la wina, nkhope ya wina. Galimoto ikakugundani pa chisanu, chipatala chidzalemba dzina la ndani? Amene amakubwerekani akauntiyo adzakudziwani? Bwana amene amakulipirani mobisayo tsiku la chipikisheni adzati sanakuonenipo, inu n'kutsala kukamwa yasa.

Ndipo m'mawa mwake m'kalasi mumalowa ndani? Mumagona. Mayunivesite a ku Britain amalemba amene akubwera ndi amene akujomba, ndipo wosowa amamunenera ku boma. Ku Germany, m'maphunziro ambiri, ukalephera mayeso amodzimodzi kachitatu ndiye kuti phunzirolo watsanzikana nalo. Chitupa chimene chikukusungani kumeneko n'cha sukulu, ana inu. Sukulu ikakutayani, chitupa chimapita nayo limodzi, ganyu uja n'kuthera pomwepo, nyumba n'kuthera pomwepo.

Apa ndinene ndi inu makolo anzanga, chifukwa mlanduwu tili nawonso. Mwana wangotsika ndege mwezi watha, inu mwayamba kale kumutumizira mndandanda wa mavuto a mtundu wonse. Mukufuna azitenge kuti? Mukumukankhira nokha ku maola oletsedwa, akabwezedwa muzidzati ana a masiku ano.

Komabe ambiri mwa inu si njala ya kwanu imene ikukuthamangitsani, ndi matama. Boma la Germany limafuna kuti wophunzira aonetse mayuro 11,904 a chaka chonse mu akaunti yotsekedwa, imene imatulutsa mayuro 992 pa mwezi. Mukudziwa thukuta limene linakhetsedwa kuti ndalama imeneyo ikwane? Anthu anakongola, ena anagulitsa zimene anasunga moyo wawo wonse. Inu ikangotuluka, foni yatsopano, nsapato, ulendo wa ku Barcelona. Pa Facebook tikuona zithunzi: lero pa nsanja ya Eiffel, mawa m'bwato ku Venice, magalasi akuda m'maso ngakhale kunja kuli mitambo. Chithunzi cha mulaibulale sitinachionepo. Lendi ikakwana mwayamba kuzemba mwininyumba, inshulansi ya chipatala mwaleka kulipira, ngati kuti matenda amayamba afunsa.

Ndalama zikatha ndiye kumabwera uchitsiru weniweni. Munthu amene simunamuonepo nkhope akulemberani pa WhatsApp kuti, "Ndibwereke akaunti yako ya ku banki, ndalama zingodutsamo, iwe utapepo pang'ono." Inu n'kuvomera. Munthu wophunzira ku yunivesite! Ndalama zoyera zimafunira chiyani akaunti ya mlendo? Zakuba zimenezo, ndipo apolisi akamazitsata amafikira pa dzina lanu, osati la mnzanu wa pa WhatsApp uja. Ku Britain mlandu umenewo umafika zaka 14 m'ndende, ndipo banki ikakutsekerani akaunti, ina kuti ikutsegulireni ndi ntchito. Enanso mwatumiza ndalama ya chikole cha nyumba kwa munthu amene akuti ali kunja kwa dziko, makiyi atumiza pa positi. Makiyiwo anafika?

Tizinthu tating'onoting'ono ndi timene timandipsetsa mtima koposa. Kukwera sitima popanda tikiti ku Germany ndi chindapusa cha mayuro 60, ndipo mukazolowera zimasanduka mlandu wa kukhoti. Mwasamuka nyumba, lamulo likuti mukalembetse adiresi yatsopano pasanathe masiku 14, inu osapita, makalata a boma n'kumapita kunyumba yakale. Amene afika m'manja mwanu mumawaponya m'dirowa osatsegula, eti chifukwa alembedwa m'Chijeremani. Mwana wa mlongo wangayu anali nawo mulu, ena a ku sukulu, ena a inshulansi, onse omata. Kumeneko boma silituma munthu kudzakunong'onezani. Limalemba kalata, limaika tsiku, tsikulo likadutsa nkhani yatha. Chilankhulo mwakhala nacho zaka ziwiri, kuwerenga kalata ya mizere isanu kukukanikani, koma mayina a malo ovinira onse ali pamtima.

Mwaiwala kale za February 2022? Nkhondo itabuka ku Ukraine, ophunzira a ku Africa anayenda pansi m'chisanu kulowera ku malire a Poland, aliyense atagwira mapepala ake m'manja. Chakudza sichiimba ng'oma. Inu zitati zachitika usiku uno, pasipoti mungaipeze mumdima? Ofesi ya kazembe wathu ku Berlin, ku Brussels kapena ku London ikudziwa kuti muliko? Mukanyamuka ulendo wa mayiko atatu pa basi ya usiku, alipo ndi mmodzi yemwe amene mumamuuza komwe mukagone? Nambala ya 112 mukuidziwa ntchito yake, kapena nambala yangozi imene mukuidziwa ndi ya malume basi?

Mnyamata uja nkhani yake ikadali m'maofesi, ndipo mayi ake sakudya. Ndamuuza kuti atsegule makalata onse aja lero lomwe, mmodzimmodzi, andiwerengere pa foni. Inu enanu tulutsani kakhadi kanuko muone tsiku limene kakuthera. Zopusazi zithe, ndipo wina asadzandiimbirenso 3 koloko ya usiku.