Anyamata okonza makompyuta, tasiyani kuthamangira kufomata

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo ndaswera pa Nchalo m'kashopu ka mlongo wanga, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la kuchigwa kunoli, kuyesa kutola zotsalira za mafayilo omwe munthu wina wawapha ndi manja ake chifukwa cha phuma. Sanabe, sanathyole kanthu. Anangofomata, kutanthauza kufufuta zonse za pa disiki n'kuikapo Windows mwatsopano. Ndipo analandira ndalama pa ntchito imeneyo.

Mlongo wangayu amataipira anthu makalata ndi ma CV, amasindikiza zithunzi ndi makadi aukwati. Kompyuta yake ili ndi madisiki awiri. Kakang'ono ka SSD, mtundu wa disiki yothamanga, ka 240GB ndi komwe kuli Windows. Inayo ndi hadi disiki yakale ya 1TB, imeneyo ndiye nkhokwe: zithunzi za maukwati a eni ake, mayeso omwe aphunzitsi amadzataipitsa, ma CV a anyamata ofuna ntchito kuminda ya nzimbe, mpaka zithunzi za malemu mayi athu. Lachiwiri magetsi anazima usiku wonse. Kutacha atayatsa, sikirini yangoti bii, pamwamba timawu toyera: "No bootable device". Anandiimbira, ine ndili ku Ngabu foni itatha moto. Makasitomala ali pakhomo, ndiye anaikweza pa kabaza ulendo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta.

Mnyamatayo sanamasule ngakhale sikulu imodzi. Sanafunse kuti muli madisiki angati. Anangoyang'ana timawu tija n'kunena kuti, "Anti, Windows yafa iyi, tingoifomata." Basi. Matenda awapeza, mankhwala alemba, zonsezo mphindi imodzi isanathe.

Windows sinafe. Ndikubwereza, SINAFE. Inali gone pa SSD paja ili bwinobwino, ndipo ine dzulo ndaidzutsa ndi chala chimodzi. Ndinayatsa, n'kudina F10 kulowa mu BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa kompyuta Windows isanayambe, ndipo chinthu choyamba kuona chinali deti: chaka chabwerera kale kwambiri, nthawi nayo yosokonekera. Aliyense amene anagwirapo makina amenewa amadziwa tanthauzo lake. Kabatire ka pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, kaja kozungulira ngati kobiri, CR2032 ka mavoti 3, katha mphamvu. Kakatha, magetsi akangozima kompyuta imaiwala zomwe munaiuza, kuphatikizapo disiki yoti iyambirepo kufufuza Windows. Ndiye imakagogoda pakhomo la nkhokwe, kupeza kulibe woyankha, n'kudandaula kuti palibe poyakira. Ndinasintha kabatire, ndinakweza SSD kukhala yoyamba pamndandanda, Windows yakale ija n'kutulukira ndi chithunzi cha mwana wake pasikirini monga mwa masiku onse. Kabatire kameneka mtengo wake sufika n'komwe pa wa nkhuku.

Tsono taonani zomwe anachita mnzathuyo. Analowetsa fulashi yake yoikira Windows. Pamenepo Windows sikuuza kuti iyi ndi C, iyi ndi D ayi. Imangolemba Drive 0 ndi Drive 1, ndiye umayenera kuwerenga kukula kwake: ya 240GB imaoneka ngati 223, ya 1TB imaoneka ngati 931. Kuwerenga manambala awiri okha. Iye anangoona yomwe ili pamwamba, n'kufufuta mapatishoni onse, zigawo za disikiyo, n'kuthirapo Windows yatsopano. Pa nkhokwe. Kiyi wa nyumba wasowa, iye wakatentha nkhokwe ya mapira. Safunsa anadya phula, koma chowawa n'chakuti pano phulalo wadya ndi mlongo wanga, wosafunsayo ali phee akuwerenga ndalama.

Kufomata si kukonza. Kufomata ndi kugonja. Ndi chinthu chomwe umachita pomaliza penipeni, njira zonse zitakanika, mwini wake utamuuza maso ndi maso kuti zonse zipita, iye n'kuvomera, mafayilo mutakopera kwina. Koma kuno kwathu chasanduka panado. Kompyuta ikuchedwa, fomata. Yatulutsa sikirini yabuluu, fomata. Yakana kuyaka, fomata. Tsiku lina mudzafomata kompyuta yomwe vuto lake ndi soketi yapakhoma.

Ndipo musandiuze kuti zinazo n'zovuta. Chovuta n'chiyani kudina F9 pa HP kapena F12 pa Dell, kuti mndandanda wa madisiki ubwere, musankhe nokha yoyakira? Ikayaka, mwadziwa kale kuti Windows ili moyo, vuto ndi mndandanda. Chovuta n'chiyani kuzimitsa, kutsegula chivundikiro, kuzula chingwe cha SATA, cholumikiza disiki yachiwiri ku bolodi, n'kuyesanso ndi imodzi yokha? Fumbi la kuno ndi kugwedezeka kwa pa kabaza zimakhwefula zingwe, nthawi zina kungozula n'kubwezeretsa kwatha. Mu BIOS momwemo muonenso ngati yachoka pa UEFI, njira yatsopano yoyatsira, kupita pa Legacy, yachikale, chifukwa Windows yoikidwa pa disiki ya GPT, yogawidwa mwamakono, siyaka mukaifunafuna mwachikale. Muone ngati SATA yachoka pa AHCI, njira yomwe kompyuta imalankhulira ndi disiki, poti imeneyo ndi yomwe imabweretsa sikirini yabuluu yolemba INACCESSIBLE BOOT DEVICE. Ngakhale mafayilo oyatsira atawonongekadi, fulashi yomweyo yomwe mumafomatira ili ndi Startup Repair yokonza vuto la kuyaka, ili ndi bcdboot yolemberanso mafayilowo osakhudza chithunzi cha munthu ngakhale chimodzi. Zida zili m'manja mwanu momwemo. Chomwe mulibe ndi kudekha.

Ndipo ngati mwafikadi poika Windows yatsopano pa makina a madisiki awiri, zulani kaye inayo. Lamulo limeneli silifuna sukulu. Disiki yomwe yazulidwa simungaifufute mwangozi. Komanso mukasiya onse ali olumikiza, Windows ili ndi khalidwe loika timafayilo take toyatsira pa disiki ina, iyo ili pa ina. Mwini wake tsiku lina adzachotsa yakaleyo poganiza kuti ndi yosungira chabe, kompyuta n'kukananso kuyaka, abwerenso kwa inu, mufomatenso. Kapena mwina n'zomwe mumafuna?

Ena anena kuti anyamatawa anangophunzira poonerera, ntchito kulibe, akusaka ya ufa. Ndamva. Koma njala yako isadyetse mnzako chisoni.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi ichi. Atamaliza kufomata, mnyamata uja anati amukomere mtima kasitomala. Anathiramo mafilimu, nyimbo, magemu, mulu wonse, ati ya basera. Akanangofomata n'kulekera pomwepo, zambiri tikanazipeza, chifukwa kufomata kwachangu sikufufuta zenizenizo, kumangong'amba kaundula wa pomwe zili. Koma chilichonse chatsopano chomwe walemba pamwamba chimakwirira zakale mpaka kalekale. Filimu iliyonse yomwe anaika inagona pa ukwati wa munthu. Ndayendetsa PhotoRec, pulogalamu yotolera mafayilo ofufutidwa, kuyambira masana mpaka usiku, fani ikupemerera disiki kuopa kutentha. Zina zabwera, koma zopanda mayina, manambala okhaokha, zosakanikirana ngati mpunga ndi mchenga. Zina zikutseguka theka, kumtunda nkhope ya mkwatibwi, kumunsi kotuwa. Mlongo wanga anakhala pambali panga akuyang'ana chimodzichimodzi, kenako anangoti, "Achimwene, za amayi zija sizikuoneka." Ndinasowa chomuyankha.

Inde, naye ndamukalipira. Deti linayamba kusokonekera kalekale, iye ankangolikonza pamanja m'mawa uliwonse osandiuza. Ndipo zinthu zofunika sizisungidwa malo amodzi, tonse kuno tinaphunzira ndi madzi a Freddy mu 2023 kuti chomwe chili pamodzi chimapita pamodzi. Koma kulakwa kwa wodwala sikupatsa sing'anga ufulu wodula mwendo wabwino. Iye anapita kwa katswiri chifukwa sadziwa. Ukalemba chikwangwani pakhomo kuti umakonza makompyuta, wavomera kudziwa zomwe eni ake sadziwa, ndipo funso loyamba lizikhala lakuti muli chiyani umu chomwe simukufuna kutaya.

Nditapita kukamufunsa, mnyamatayo anandiyankha kuti, "Akulu, koma ikuyaka, si choncho?" Ikuyaka! Kuchoka pa SSD yomwe imayaka usanakhale n'komwe pampando, kupita pa disiki yokalamba yomwe umayatsa n'kukatunga madzi, mafayilo a zaka zonsezi atapita, iye akuti ikuyaka. Pepani sanatchule ngakhale kamodzi.

Nanunso ogulitsa makompyuta akaunjika ku Limbe ndi mu Blantyre, makina akhala zaka m'maofesi akunja, akhalanso miyezi m'makontena, inu mumangopukuta fumbi pamwamba n'kumata mtengo. Kusintha kabatire musanagulitse kukuvutani chiyani? Munthu watsika nayo mapiri onse aja mpaka pa Thabwa ataipakata pamiyendo mu minibasi, miyezi itatu yayamba kuiwala deti, akakuimbirani foni mumati abwere nayo. Transipoti yake mulipira ndinu? Loweruka kwa mlongo wanga kukubwera mayi wa ku Bereu kudzatenga zithunzi za ukwati wa mwana wake, analipira kale theka.