Bambo athu ndi mkango zikugwirizana pati?

Ndalusa, ndipo ndilemba ngakhale mwini nkhaniyi awerenge. Ana tonse tinagwirizana kuti chaka chino bambo tiwapangire khadi la Tsiku la Abambo, lokhala ndi chithunzi cha zachilengedwe, poti iwo ndi munthu wa mitengo ndi mbalame. Ntchitoyo tinapatsa mng'ono wanga, uja amadzitama kuti foni ndi kompyuta amazidziwa kuposa tonsefe. Dzulo watumiza pagulu lathu la WhatsApp zimene wasankha. Mkango! Chimkango chamanyenje chitaima pathanthwe, dzuwa likulowa kumbuyo kwake. Mkati mwa khadi muli mawu okopera pa intaneti, onena za tate wolimba ngati phiri. Pansi pake walemba kuti "kuchokera kwa ana anu". Basi. Akuti zamutengera mphindi zitatu zokha, ndipo akunena monyada.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, bambo ndi mkango zikugwirizana pati?" Akuti, "Koma achimwene, si chokongola?"

Kukongola sindikukana ayi. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Khadi limeneli mutha kulipereka kwa bambo wa munthu wina aliyense, ngakhale kwa abwana a kuntchito, osasintha ndi chilembo chimodzi chomwe. Ndiye likhala la bambo athu bwanji? Khadi lokwana aliyense ndi khadi lopanda mwini. Munthu wakulera zaka zonsezi, iwe n'kumupatsa chithunzi choyamba chimene chatulukira utalemba mawu oti "bambo" pa intaneti. Manyazi alipo?

Bambo anga ndi munthu woti m'mawa amakhala pakhonde chete, kuyang'ana atimba akudumphadumpha mumtengo umene anadzala okha chaka chimene ndinabadwa. Mtengowo ndi wopindika pang'ono, chifukwa chimphepo chinaugwetsa uli waung'ono, iwo n'kuudzutsa, kuuchirikiza ndi mphanda mpaka unagwira. Nkhani imeneyi atiuza kambirimbiri moti akangoiyamba timaimaliza tokha. Chithunzi cha pakhadi ndi chimenecho. Chili pabwalo pomwepo, mng'ono wangayo amachidutsa nthawi zonse akapita kukawaona, koma maso ali pafoni kusaka mkango.

Anzanga, sankhani chithunzi choti bambo anu achizindikire asanatsegule n'komwe khadilo. Ngati amakonda kuwedza, jambulani madzi amene amaponyamo mbedza, ngakhale akhale amatope. Ngati amakonda maluwa, jambulani maluwa awo omwewo, ngakhale tsamba lina ladyedwa ndi mbozi. Ngati ndi oyendayenda madzulo, kanjira kawoko ndiko. Akhalepo munthu pachithunzipo kapena ayi zilibe kanthu, bola iwo akaona anene kuti, "Aa, apa ndi paja!" Mawu amenewo chiwombankhanga cha pa intaneti sichingawatulutse mkamwa mwawo. Phiri limene sanalionepo silingawatulutse. Mkango ndiye usanene.

Ena mukuti ndikukulitsa nkhani, khadi ndi pepala chabe. Tsiku limeneli linayamba bwanji kodi? Mayi wina dzina lake Sonora Smart Dodd wa ku Spokane, ku America, ankaganizira bambo ake enieni, William Jackson Smart, amene analera okha ana asanu ndi mmodzi mkazi wawo atamwalira. Mwambo woyamba unachitika pa 19 June 1910, ndipo mpaka lero mayiko ambiri amasunga Lamlungu lachitatu la June. Anali mwana mmodzi, akuganizira bambo mmodzi amene ankawadziwa bwino. Lero tafika poti ana asanu agwirizana kupereka chithunzi chimene anthu zikwizikwi akuperekanso tsiku lomwelo. Kaya ndi ulesi, kaya ndi opanga makadi amene anatizoloweza zithunzi zomwezomwezo, mudziwa ndinu.

Ndipo kujambula kwake si kovuta monga mukuganizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzukani m'mamawa kapena dikirani dzuwa lipendeke, chifukwa la masana limawalitsa zinthu mopitirira n'kusiya mithunzi yakuda bii. Pukutani kagalasi ka kamera, ambiri timajambula ndi kamera yodzaza mafuta a zala. Musaike chinthu chofunika m'mphepete mwenimweni, osindikiza amadula pafupifupi mamilimita 3 mbali zonse, ndipo mutu wa mbalame yanu ungatsale pansi pa mpeni. Dziwaninso kuti papepala chithunzi chimaoneka chakudako kusiyana ndi pafoni, poti foni imawala yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa panja. Izi ndi za mphindi makumi awiri, kwa bambo amene anadikira mtengo zaka makumi atatu.

Mawu a mkatimo ndiye amandipsetsa mtima kwambiri. Mukukopera ndakatulo ya mlendo kuti muuze bambo anu zimene zili mumtima mwanu? Inu mulibe pakamwa? Lembani chinthu chimodzi chimene inu ndi iwo nokha mukuchidziwa. Tsiku limene anakunyamulani paphewa kuoloka mtsinje. Tsiku limene anakuphunzitsani kusiyanitsa kulira kwa njiwa ndi kwa kadzidzi. Mizere iwiri yakwana. Lembani ndi dzanja lanu, ngakhale zilembo zanu zili ngati mapazi a nkhuku, m'chiyankhulo chimene mumayankhula nawo, ndi zilembo zikuluzikulu poti maso awo atopa. Mkati musankhe pepala losanyezimira, chifukwa lonyezimira inki imachedwa kuuma, chala chikangokhudza zonse zapakika. Ikani chaka. Mwana aliyense alembe dzina lake yekha, osati mmodzi kulembera onse ngati kalata ya kuofesi.

Ndamuuza mng'ono wangayo kuti mkango wakewo ausunge, adzaupatse ana ake akadzafuna kumupangira iyeyo khadi, adzaone mmene zimawawira. Wakwiya, watuluka pagulu. Abwerera, ndikumudziwa.

Chinanso. Nditapempha kuti wina atumize chithunzi cha mtengowo, mlongo wanga wanditumizira sikirinishoti ya chithunzi chimene chadutsa kale m'mafoni anayi. Masamba onse asanduka phala, mbalame ikuoneka ngati dontho la inki. Khadi la mainchesi 5 kwa 7 limafuna mapikiseli (timadontho timene timapanga chithunzi) pafupifupi 1500 kwa 2100 kuti lituluke bwino, inu mukutumiza kanthu koti ngakhale pafoni sikakuoneka. Tumizani chithunzi chenichenicho ngati dokyumenti, chisafinyidwe panjira. Ndanena izi kangati?

Ndiye pali inu amene Lamlungu limenelo mudzadzaza Facebook ndi zithunzi za mikango ndi mawu ataliatali otamanda bambo anu, pamene bambowo Facebook alibe, sakudziwa n'komwe kuti mwalemba, ndipo foni yawo mwezi wathunthu sinalirepo ndi nambala yanu. Mukulembera ndani?