Maganizo anga: mphamvu ya wapolisi izithera pamene makani athera

Abale ndi alongo a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, pali nkhani imene imatigawa nthawi zonse kanema akayamba kuzungulira pa WhatsApp woonetsa apolisi akulimbana ndi munthu amene akukana kumangidwa. Ena amalemba kuti amuonjezere chifukwa ndi wamwano, ena amatukwana apolisi onse a m'dziko muno, ndipo dzuwa limalowa popanda wofunsa funso limene kwa ine ndilo lenileni: kodi kumenyako kunachitika munthuyo akadalimbana, kapena atagwidwa kale? Ine ndimakhulupirira kuti wapolisi ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito mphamvu pa munthu wochita makani, koma ufuluwo umatha nthawi yomweyo imene makaniwo atha, ndipo mbama iliyonse yobwera pambuyo pake ndi chilango chimene palibe khoti limene lagamula.

Malamulo athu sanasiye nkhaniyi m'malere. Malamulo oyendetsera milandu amalola wapolisi kugwiritsa ntchito mphamvu ngati munthu akukana kumangidwa kapena akufuna kuthawa, koma malamulo omwewo amanena kuti mphamvuyo isapitirire imene ikufunika pa nthawiyo. Lamulo la apolisi la chaka cha 2010, pa gawo 44, limakhwimitsa kwambiri nkhani ya mfuti, pakuti wapolisi ayenera kuyamba wachenjeza, ndipo ngakhale zitafika poti awombere, cholinga chake chikhale kumufooketsa munthuyo osati kumupha. Pamwamba pa zonsezi pali malamulo aakulu a dziko lino, amene pa gawo 19 amaletsa kuzunza munthu aliyense kapena kumuchitira zankhanza ndi zonyazitsa, ndipo pa gawo 42 amalamula kuti womangidwa auzidwe chifukwa chimene akumangidwira m'chilankhulo chimene akumva, kaya ndi Chichewa kaya ndi Chilomwe, komanso kuti akaonekere kukhoti asanathe maola 48. Palibe pamene malamulowa anapatula wamwano, woledzera kapena wakuba wodziwika m'mudzi monse.

Ndinaona ndekha mmene malire amenewa amadumphidwira, tsiku lina la msika pamalo ena ochitira malonda kuno kwathu. Apolisi awiri anaimitsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene analibe chisoti, ndipo atamuuza kuti atsike apereke makiyi, iye anakana, nagwiritsitsa mahandulo uku akukuwa kuti njingayo ndi ya bwana wake ndipo akaisiya ntchito yatha. Wapolisi mmodzi atayesa kuzula makiyi, mnyamatayo anamukankha mpaka chipewa chinagwera m'fumbi. Apa ndiyenera kunena chilungamo, mnyamatayo analakwa, ndipo apolisiwo atamugwira manja, kumugwetsa pansi ndi kumumanga unyolo, palibe aliyense pamsikapo amene anadandaula. Amayi ogulitsa nanazi anapitiriza kuitanira malonda awo. Koma mnyamatayo atakhala pansi, manja ali kumbuyo, akupuma mwabefu, wapolisi wogwa chipewa uja anabwerera namumenya mbama ziwiri, kenako namuponda ndi jombo m'nthiti. Pamenepo msika wonse unasintha. Mayi wina wachikulire anaimirira nanena mokweza kuti, “Bwana, mwamugwira kale mwanayo, mukumumenyeranji?” Anyamata a kabaza anayamba kusonkhana, ndipo ndinaona mmodzi akuwerama kutola mwala. Chimene chinapulumutsa tsikulo ndi wapolisi mnzake, wamkulu msinkhu, amene anaima pakati nauza mnzakeyo motsitsa mawu kuti, “Basi, zakwana,” kenako nadzutsa mnyamatayo ndi kumupukuta fumbi kumsana.

Anthu amene anatsala pang'ono kugenda apolisiwo ndi omwe aja amene mphindi zochepa m'mbuyomo ankavomereza kuti mnyamatayo amangidwe. Mlandu unali womwewo, wapolisi yemweyo, mnyamata yemweyo. Chimene chinawakwiyitsa ndi jombo ija yokha, ndipo anthuwo anaona malirewo popanda wowawerengera gawo lililonse la malamulo.

Tizifunsanso chifukwa chimene anthu ambiri amachitira makani. Ena ndi mowa, ena ndi mwano basi, ndipo amenewo sindikuwaikira kumbuyo. Koma ambiri amene amathawa kapena kugwiritsitsa mtengo akamva kuti “tiye kupolisi” amachita zimenezo chifukwa cha mantha a zimene anamva kuti zimachitika m'chitokosi. Manthawa sanachokere kumaloto. M'mwezi wa Febuluwale 2019, Buleya Lule, amene ankaganiziridwa pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo kupimidwa kwa thupi lake kunaonetsa kuti anazunzidwa ndi magetsi. Mlandu umene ankaganiziridwawo unali woopsa, ndipo dziko lonse linkafuna kumva zimene akanaulula kukhoti, koma imfa yake inatseka pakamwa pake pamodzi ndi zonse zimene ankadziwa. Munthu wa ku Chisitu kapena ku Goliati amene anamva nkhani imeneyi pa wailesi, mukamuuza kuti apite mwaulemu chifukwa akangofunsidwa mafunso okha, akukhulupirirani bwanji? Wapolisi aliyense amene amamenya munthu womangidwa kale amaumitsa ntchito ya mnzake amene mawa adzapite kukagwira munthu wina.

Pali zinanso zimene zinazolowetsa anthu kuona kumangidwa ngati kuvutitsidwa chabe. Kwa zaka zambiri anyamata ogulitsa malonda, anthu oyenda m'mamawa kupita kumsika ndi amayi opezeka panja usiku ankatoledwa pa mlandu wa vakabu, popanda cholakwa china chooneka, mpaka khoti lalikulu linagamula mu Januwale 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, kuti ndime imeneyo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Munthu amene anagonapo m'chitokosi chifukwa chongoyenda pamsewu sangaiwale msanga, ndipo akadzaimitsidwanso tsiku lina amayamba ndi kukana.

Sindikulemba izi ngati mdani wa apolisi. Ambiri a ife tili ndi achibale ovala yunifomu, ndipo tikudziwa mmene amagwirira ntchito: awiri kapena atatu, nthawi zina wapansi, kukakumana ndi chikhamu cha anthu okwiya onyamula miyala ndi zikwanje. Ife a kuno tikukumbukira bwino chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa naphedwa ndi magulu olusa chifukwa chongokhala achilendo pamudzi. Masiku amenewo munthu wozingidwa ndi gulu analibe kwina koyang'ana koma kwa wapolisi. Tikukumbukiranso wapolisi uja amene anaphedwa pogendedwa ndi miyala ku Msundwe m'mwezi wa Okutobala 2019, munthu amene anachoka pakhomo pake m'mawa kupita kuntchito monga aliyense. Wapolisi amene wazingidwa motero, moyo wake kapena wa munthu wina uli pachiswe, ali ndi ufulu wonse wodziteteza, ndipo sindidzakhala pampando wanga n'kumamuweruza kuti akanadikira mwala wachitatu.

Koma nkhani ya ku Msundwe yomweyo ndi imene imaonetsa poyera chimene ndikunena. Mnzawo ataphedwa, apolisi ena analowa m'midzi ya ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika, ndipo kafukufuku wa bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission anapeza kuti amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe. M'mwezi wa Ogasiti 2020 khoti lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso. Amayi amenewa sankalimbana ndi aliyense, anapezeka m'nyumba zawo ndi m'malo awo a malonda. Kumeneko kunali kubwezera, ndipo mzimu umene unabwezera kumeneko ndi womwewo umene unakweza jombo pamsika wathu uja, kungoti uko unapeza mpata waukulu. Tikalekerera mbama ya pamsika chifukwa ndi yaing'ono, tisadzadabwe tsiku limene gulu lonse lidzaganize kuti mudzi wathunthu uyenera kulipira mlandu wa munthu mmodzi.

Dera lathu lino lili ndi mbiri yake pa nkhani imeneyi, ndipo agogo athu ena akadali moyo amene angaifotokoze. M'mwezi wa Ogasiti 1953, mkangano umene unayambira pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, pa nkhani ya malalanje, unafalikira m'boma la Thyolo ndi maboma oyandikana nalo, chifukwa pansi pake panali mkwiyo wa malo, wa thangata ndi wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anthu sankachifuna. Boma la atsamunda linayankha ndi mfuti, ndipo anthu 11 anafa. Mfutizo zinabalalitsa anthu, koma nkhani ya malo ikadalipo mpaka lero, ndipo aliyense woyenda pakati pa minda ya tiyi ndi midzi yothithikana m'mphepete mwake amaiona ndi maso. Pa 20 Julaye 2011 tinaonanso zomwezo pansi pa ulamuliro wathu wathu, pamene anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero, ambiri a iwo ku Mzuzu. Apolisi athu anasintha dzina kuchoka pa Malawi Police Force kukhala Malawi Police Service pofuna kusiyana ndi mbiri yotereyi, ndipo ife tili ndi chifukwa chowakumbutsa lonjezo limenelo.

Ifenso anthu wamba tili ndi gawo lathu, ndipo ndi lalikulu kuposa mmene timavomerezera. Tikagwira wakuba nkhuku kapena chimanga chachiwisi m'munda, timayamba tamumenya tokha, ndipo tikafika naye kupolisi timanong'oneza wapolisi kuti, “Bwana, mumuthyape aulule anzake.” Woganiziridwa akatuluka pa belo, umene ndi ufulu wake ngati palibe chifukwa chomveka chomusungira, timafalitsa m'mudzi kuti apolisi adya ndalama. Wapolisi wachinyamata amene wangotuluka kumene kusukulu ya apolisi ku Kanjedza amaphunzira msanga kuti anthu amamulemekeza akamamenya ndipo amamukayikira akamatsata lamulo. Tsiku limene mwana wathu watuluka m'chitokosi akutsimphina ndi pamene timakumbukira za ufulu wachibadwidwe, pamene dzulo lake tinali kuwomba m'manja mwana wa mnzathu akupondedwa. Magulu athu achitetezo a m'midzi nawonso ayenera kumva izi, chifukwa ntchito yawo ndi kugwira ndi kupereka kupolisi, ndipo zibonga zimene ena amayenda nazo usiku sizinawasandutse oweruza.

Kwa achinyamata athu, makamaka a kabaza ndi ogulitsa malonda, pempho langa ndi lakuti musalimbane ndi wapolisi ngakhale mukuona kuti akukulakwirani. Funsani modekha chifukwa chimene akukumangirani, yang'anani dzina kapena nambala yake ngati zikuoneka, uzani mnzanu adziwitse abale anu kumene akukutengerani, ndipo ngati mwamenyedwa pitani kuchipatala msanga kuti mabalawo alembedwe akadali aawisi. Mukamukankha wapolisi mwadzionjezera mlandu wina, ndiponso mwamupatsa pothawira tsiku limene adzafunsidwe za mabala anu.

Kwa akuluakulu a polisi m'maboma athu awiriwa, ndikupempha kuti munthu aliyense wolowa m'chitokosi ali ndi bala azilembedwa m'buku nthawi yomweyo, azipita naye kuchipatala, ndipo wapolisi amene anamugwira azifotokoza molemba mmene balalo linabwerera. Wapolisi wonga wamkulu uja amene anaima pakati pamsika ayenera kuyamikiridwa pamaso pa anzake, chifukwa kuletsa mnzako wovala naye yunifomu kumafuna kulimba mtima kuposa kugwetsa mnyamata pa njinga. Ndikupemphanso mafumu athu, kuyambira kwa Mabuka ndi kwa Chikumbu mpaka kwa Bvumbwe, kuti pamisonkhano ya chitetezo nkhani imeneyi izikambidwa apolisi ali pomwepo, osati kungokamba za akuba okha.

Lamulo la 2010 lija linakhazikitsanso bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission, koma panadutsa zaka khumi kuti mkulu wake woyamba asankhidwe mu 2020. Ambiri kumudzi kuno sanamvepo n'komwe za bungweli, ndipo amaganiza kuti munthu womenyedwa ndi wapolisi alibe kokadandaula koma kupolisi komweko kumene anamenyedwera. Mayi wa ku Thekerani kapena ku Muloza amene mwana wake watuluka m'chitokosi atathyoka nthiti alibe ndalama yokwerera basi kukasaka ofesi mumzinda. Bungweli lizibwera kuno pa masiku odziwika, lizilengeza pa wailesi za m'madera m'Chichewa ndi m'Chilomwe, ndipo dandaulo likatha kufufuzidwa, wodandaulayo azibwezeredwa yankho kumudzi kwake.