Ku Senga Bay mutha kupita ndi ndalama zochepa

Nkhani yanu ija ya malo okachezako kunyanja ya Malawi yangotchula mahotela odula okhaokha, ngati kunyanja n'kwa anthu olemera basi. Ayi ndithu. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, minibasi zimayenda tsiku lonse, ndipo pa Salima mumangokwera ya ku Senga Bay. Nyamukani Loweruka m'mawa, mukagone pa resitihausi ya m'mudzi, Lamlungu mwabwerera. Ndiwo musagule kuhotela. Lawirirani pagombe asodzi akamakocheza, mugule utaka kapena usipa wongotsitsidwa m'bwato, amayi ophika pafupi akuotchereni, mudyere nsima yotentha. Zimandiwawa kuti ana ambiri a m'tauni nyanja amangoiona pa mapu kusukulu. Koma mu June ndi July mwera umawomba kwambiri, musakwere bwato ndi ana. Mukasamba m'nyanja, patapita milungu ingapo kayezetseni likodzo.