Uthenga wa unarc.dll umanditopetsa

Palibe chimene chimandiwawa ngati kugula bandulo ya intaneti, kuchezera usiku wonse ndikutsitsa gemu yaikulu, kenako pamene ndikuiika pakompyuta ndipo yatsala pang'ono kutha, n'kutuluka kabokosi konena kuti unarc.dll, fayilo imene imamasula mafayilo opanikizidwa a gemuyo, yalephera kumasula mafayilo. Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti uthengawo umapereka nambala ndi mawu ochepa amene sakuuza poyambira.

Zoyambitsa zake n'zambiri. Chidutswa chimodzi chokha cha mafayilo a gemu chikawonongeka chifukwa netiweki inaduka kapena magetsi anazima potsitsa, ntchito yonse imaima, ndipo ukachiyesa ndi 7-Zip, pulogalamu yomasula mafayilo opanikizidwa, chimaonetsa vuto la CRC, chizindikiro chakuti chawonongeka. Nthawi zina antivayirasi imalanda fayilo mwakachetechete, RAM (memori imene kompyuta imagwirira ntchito) imachepa, kapena malo pa disiki amatha, popeza mafayilo akamasulidwa amakula kuposa mmene analili atapanikizidwa. Ine ndinataya masiku awiri ndisanazindikire kuti ndinkamasulira pa disiki yofomatidwa m'njira yotchedwa FAT32, imene silandira fayilo imodzi yoposa ma GB 4.

Kodi n'chifukwa chiyani mapulogalamu oika magemuwa sayamba ayeza kaye mafayilo ndi disiki, m'malo mondidikiritsa maola atatu kuti andiuze zimenezi kumapeto?